Madzi a m'nsengwa aulula khansa ina ya amai

Kacipangizo koyezera mimba, komwe amai a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amakaona ku sikelo, kamafufuza madzi a m'thupi ochedwa hCG. Madziwa amapangidwa ndi nsengwa, ndipo mai akacira amatha m'magazi patapita milungu yocepa.

Koma pali mimba ina yopanda mwana, yomwe m'cibalilo mumadzala tinthu tonga mphesa. Madokotala akayeretsa m'cibalilo, hCG iyenera kutsika mpaka kutha. Ikaima pamodzi kapena kuyambanso kukwera, ndi cizindikiro cakuti zotsalira za nsengwa zikukulabe, ndipo zingasanduke khansa ya choriocarcinoma, yomwe imathamangira ku mapapo. Khansayi ingabwerenso mai atapita padera, ngakhalenso atabereka bwinobwino.

N'cifukwa cace mai wotere amauzidwa kubwerera ku cipatala kukapimitsa kwa miyezi ingapo, ndiponso kuyamba waleka kutenga pathupi pena. Mimba yatsopano imakweza hCG, ndipo dokotala sangasiyanitse msanga mwana ndi matenda. Apa mpamene ambiri amagwa ulesi, poti thupi limakhala likumveka bwino.

Khansayi imacizika. Mu 1956, Dr Min Chiu Li wa ku America anaciritsa mai woyamba ndi mankhwala a methotrexate, akutsatira hCG. M'Zambia, odwala khansa amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cipatala comwe cinatsegulidwa mu 2007.

Komabe hCG siulula khansa ya khomo la cibalilo, yomwe ndiyo imapha amai ambiri m'dziko muno. Imeneyo ili ndi kapimidwe kace.