Gitala Isamize Uthenga wa Nyimbo

Magulu oimba m'mipingo yathu kuno ku Ntcheu amasonkha ndalama movutikira kuti ajambule nyimbo, choncho gitala yamagetsi ikamveka ngati chitini zimawawa.

Nsambo imodzi imatulutsa mawu angapo. Nsambo ya A imanjenjemera ka 110 pa sekondi, komanso imabereka timawu ta 220 ndi 330, timene timakometsa kamvekedwe kake. Maikolofoni ikaloza pakatikati pa sipika imatola mawu akuthwa. Mukaisunthira cham'mbali, mawuwo amafewa n'kunenepa. Gain ikachuluka pa ampu, timawu tija timakangana ndipo mawu a oimba amabisika.

Yambani ndi gain yochepa, jambulani pang'ono, mvetserani, kenako sunthani maikolofoni mpaka gitala ndi oimba zimveke bwino limodzi.