Thiripi Si Muyeso

Mu Okutobala chaka chatha, mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe anandiitana kuti ndikaone bwalo lawo. Pafupi ndi geti panali mulu wa dothi lakuda bii, wotsala pang'ono kutha. "Bambo, ndinagula mathiripi awiri, koma anyamata akuti silikwana. Ndipo kapinga amene tinadzala mbali iyi akungofiira," anatero mayiwo. Ndinatapa dothilo, kulinyowetsa pang'ono n'kulifinya m'manja. Linamata ngati dongo loumbira mbiya. Anali makande a kudambo, ndipo nditaphwanya chibuluma chimodzi ndinapezamo timibulu ta dawe, udzu uja umene ukakhazikika pabwalo umakulimitsa zaka.

Chinandipweteka n'chakuti mayiwo analandira zimene anaitanitsa. Anati dothi lakuda, linabwera lakuda. Anati mathiripi awiri, lole inabwera kawiri.

Ntchito yanga ndi yokonza mabwalo a nyumba: kudzala kapinga, kuyala njerwa zapabwalo, kukonza tinjira ndi ngalande. Pa zonse zimene zimataya ndalama za eni nyumba, mawu akuti "thiripi" ndiwo ali patsogolo. Thiripi ndi ulendo wa galimoto basi. Kalole kakang'ono kakabwera ndi thiripi, tipa yaikulu ikabwera ndi thiripinso, ndipo mitengo imene mumamva kwa ogulitsa awiri simungaiyerekeze musanadziwe kukula kwa galimoto zawo.

Ife timawerenga m'makiyubiki mita. Musaope dzinalo. Kiyubiki imodzi ndi bokosi la mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi, mita imodzi kupita m'mwamba. Mumalowa malita 1,000, kapena tinene zigubu 50 za malita 20. Pa wilibala ya amisiri, imene imatenga malita pafupifupi 65, ndi mawilibala 15 kapena 16. Tsono tengani tepi muyeze malo anu. Bwalo la mayi aja linali mamita 10 mulitali, 8 mulifupi. Kapinga amafuna dothi labwino lochindikala masentimita 10 kapena kuposa. Chulukitsani 10 ndi 8 ndi 0.1, mupeza makiyubiki 8. Koma dothi la pa lole ndi lotakasuka, likathiriridwa n'kupondedwa limatsika, choncho ine ndimaonjezera gawo limodzi pa magawo asanu, n'kuitanitsa pafupifupi makiyubiki 10.

Lole nayonso imayezedwa chimodzimodzi. Ngati kumbuyo kwake ndi mamita 4 mulitali, 2 mulifupi, ndipo katundu wafika theka la mita, amenewo ndi makiyubiki 4. Mayi aja analandira kawiri lole yaing'ono kuposa pamenepo. Wogulitsa akakuuzani matani, kumbukirani kuti mchenga wouma kapena miyala ya kwale imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka pa kiyubiki. Lole ya matani 7 yodzaza mwachilungamo imakupatsani makiyubiki anayi ndi theka kapena chapafupi pamenepo. Mchenga wonyowa umanyenga kawiri: umalemera ndi madzi, komanso wachinyezi umafufuma n'kuoneka wambiri kuposa mmene ulili.

Kuchuluka kukadziwika, funso lotsatira ndi lakuti chinthucho n'chantchito yanji. Mchenga wa kumtsinje, wokhakhala uja, ndi wa konkire ndiponso woyala pansi pa njerwa zapabwalo chifukwa umalola madzi kudutsa. Wa kudambo ndi wosalala, amisiri amaukonda pomanga ndi popaka pulasitala, koma nthawi zambiri umabwera ndi matope. Kuuyesa n'kosavuta. Thirani mchenga m'botolo loonekera mkati mpaka theka, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani bwino n'kulisiya maola atatu. Mchenga umakhala pansi, matope amayala pamwamba pake. Ine ndikaona kuti pa masentimita 10 a mchenga matope ayandikira sentimita imodzi, sindiulola kukumana ndi simenti, pakuti matopewo amaletsa simenti kugwira, ndipo mvula ziwiri zokha konkire amayamba kufumbutuka.

Pa njira yolowera galimoto anthu amayang'ana kukongola kwa njerwa, pomwe mphamvu yonse ili pansi. Pamafunika miyala ya kwale yosakanikirana ndi fumbi lake, yochindikala masentimita 10 mpaka 15, yotsenderedwa ndi makina mpaka italimba gwa. Miyala ya saizi imodzi yokhayokha siigwirana, imangosuntha. Pamwamba pake mchenga wa masentimita atatu, ndiyeno njerwa: za masentimita 6 podutsa anthu ndi galimoto zazing'ono, za 8 ngati pazilowa malole.

Koma nkhani imene imandikhudza mtima ndi ya dothi. Kuda si chonde. Makande akauma amang'ambika n'kulimba ngati mwala, akanyowa amasunga madzi mpaka mizu kuola. Dothi labwino likafinyidwa lili lachinyezi limagwirana, koma mukalikhudza ndi chala limaphwanyika, ndipo limanunkhira ngati m'munda mvula yoyamba itagwa. Dothi lotere limapezeka pamwamba pokha, masentimita 20 kapena 30 oyamba. Zimene zimatuluka pansi pokumba maziko kapena chimbudzi n'zokwirira maenje, si zodzalapo. Ndipo nthawi zambiri ndimauza eni nyumba mu Lilongwe muno kuti katondo wofiira amene ali kale pabwalo pawo ndi wabwino kuposa dothi logula. Amangofuna kugaulidwa mozama n'kusakanizidwa ndi manyowa. Manyowawo akhale owolerana, ozizira mukapisamo dzanja, osanunkha khola. Aawisi amatentha mizu, ndipo amabwera ndi njere za bonongwe ndi chisoso.

Funsaninso kumene katunduyo akuchokera. Amene amadutsa m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, kapena Mudi ku Blantyre, aona mmene magombe akugumukira chifukwa cha kukumba mchenga, nthawi zina pafupi penipeni ndi milatho. Ambiri okumbawo akungofuna chakudya cha ana awo, sindiwaweruza. Koma ife ogula ndi amene timasankha kumene lole ipite. Poyala njerwa zapabwalo, fumbi la kwale losefa limatha kulowa m'malo mwa mchenga wa kumtsinje, ndipo ine ndimalisankha ndikapeza mpata.

Itanitsani katundu mvula isanayambe, chifukwa kuyambira Disembala misewu yambiri ya m'makwalala imatitimiza malole ndipo katundu amabwera wonyowa. Tsiku lobweretsa mukhalepo nokha kapena munthu amene mumamukhulupirira. Onani kuti geti ndi lokwanira, kuti matayala sadutsa pa chivundikiro cha septiki thanki kapena pa paipi ya madzi, ndiponso kuti pamene tipa ikweze msana palibe mawaya a magetsi. Kenaka, asanakhuthule, kwerani. Yezani ndi tepi, pisani fosholo pakati pa katunduyo mpaka pansi, pakuti pamwamba pakhoza kukhala pabwino pansi pali zina. Dalaivala wachilungamo sakwiya nazo. Mukangoti "Achimwene, ndione kaye," ambiri amakuthandizani okha kukwera. Katundu akangotsika pansi, kumubweza n'kovuta.

Kwa mayi a ku Area 25 aja sitinagulenso dothi. Tinapala makande onse n'kukakwirira nawo dzenje kuseri kwa mpanda, tinagaula katondo wawo, n'kuthiramo makiyubiki awiri a manyowa a ng'ombe owolerana. Kapinga tinadzala mvula itakhazikika mu Disembala, ndipo pofika Malichi bwalo linali litatseka. Dawe yekha ndi amene akutulukabe pamene panali mulu paja, ndipo mayiwo amamuzula ndi timibulu take tomwe Loweruka lililonse.