Nthunzi ya ku Olkaria isamayezedwe ndi muyezo wa malasha

Pafupi ndi nyanja ya Naivasha ku Kenya, pamalo otchedwa Olkaria, kampani ya KenGen yakhala ikupanga magetsi ndi nthunzi yochokera pansi pa nthaka kuyambira 1981, pomwe makina oyamba a mamegawati 15 adayamba kuzungulira. Lero magetsi pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a dzikolo amachokera ku kutentha kwa pansi. Otsutsa amati makina otere ngowononga, chifukwa pa kutentha konse kotuluka m'chitsime, kosanduka magetsi ndi magawo 10 mpaka 17 okha pa 100, pamene siteshoni ya malasha imadutsa 30. Ziwerengerozo n'zoona, koma muyezowo ngolakwika. Nthunzi yowiritsidwa ndi malasha imapitirira madigiri 500, pomwe ya m'chitsime imafika pamakina isanakwane 200, ndipo nthunzi ikachepa kutentha mphamvu yake imachepanso, ngakhale injiniya akhale katswiri wotani. Malasha amagulidwa tsiku ndi tsiku. Nthunzi ya ku Olkaria imatuluka usana ndi usiku, dzinja ndi chilimwe, kaya Mulungu wagwetsa mvula kaya ayi, ndipo mphamvu yake yagona pamenepo.

Wina anganene kuti nthunziyo si yaulere, ndipo apa akunena zoona. Chitsime chimodzi, chakuya makilomita awiri kapena atatu, chimadya madola mamiliyoni angapo, nthawi zina n'kupezeka chouma. N'chifukwa chake funso loyenera n'lakuti: pamafunika nthunzi yochuluka bwanji kuti patuluke yuniti imodzi ya magetsi, ndipo makinawo amagwira maola angati pachaka? Zolanda mphamvu zimabisala m'tinthu tosaoneka. Madzi otentha amasiya zokanirira za silica m'mapaipi, monga zimachitira m'ketulo, njira ya nthunzi n'kuchepa. Mpweya wobwera pamodzi ndi nthunzi, makamaka carbon dioxide ndi hydrogen sulphide wonunkha uja, umadzaza pamalo pozizirira nthunzi, ndipo kuuchotsa kumadyanso mphamvu. Madzi otsala akapanda kubwezeredwa pansi, zitsime zimafooka. Akabwezeredwa pafupi kwambiri, amaziziritsa miyala yomwe imawatenthetsa.

Makina azigwirizananso ndi chitsime chawo. Ku Olkaria III, kampani ya Ormat siyendetsa makina ndi nthunzi ya pansi mwachindunji: kutenthako kumawiritsa pentane, yomwe imawira msanga kuposa madzi, motero ngakhale madzi otsala amagwira ntchito. Njira imeneyi ndiyo ingayenere akasupe ngati a ku Chiweta kapena Nkhotakota, omwe ali m'chigwa cha Rift Valley monganso Olkaria, koma ili ndi malire. Ku Kapisya ku Zambia, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, makina otere adaikidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Italy, koma sadagwire ntchito chifukwa madzi a m'zitsime zosaya zomwe adakumba sadali otentha mokwanira.