Shawelo Yawo, Chitenje Chathu

Pa phwando lina ku Kabulonga, mayi wochokera ku Ulaya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa chomwe munthu wophunzira ngati ine ndimadzikulungira nsalu yoyala patebulo. Mwiniwakeyo anali atakoleka shawelo yaubweya paphewa. Ndinangomwetulira, koma m'basi yobwerera ku Chelstone mtima unkawira.

Mbiri ya shawelo yawo ndimaidziwa. Inkalukidwa ku Kashmir ndi ubweya wa mbuzi zam'mapiri. Joséphine, mkazi wa Napoleon, ataikonda, akazi olemera a ku Paris anaithamangira, ndipo amisiri a tauni ya Paisley ku Scotland anayamba kuluka zofanizira. Ntchito yake inali kulengeza kuti mwamuna wa m'nyumbamo ali ndi chuma. Phwando likatha, ankaipinda n'kuitsekera m'bokosi.

Chitenje sichidziwa bokosi. Mamita awiri omwe mayi anga anagula ku Kamwala ndiwo anali mbereko yanga. Nsalu yomweyo inkasanduka nkhata posenza dengu la tomato kuchokera kumsika wa Soweto, pakona pake pali mfundo yosunga ndalama ya basi. Tsiku lina mphepo ya mu Juni itatipeza pamzere wa kuchipatala, mayi anachivula m'chiuno n'kutifunditsa ana atatu, iwo n'kumanjenjemera ndi diresi lokha.

Chitenje chimalankhulanso. Alangizi sayamba mwambo namwali asanachimange. Mtengwa sagwada pamaso pa apongozi miyendo ili pamtunda. Maliro akagwa ku Woodlands, ngakhale bwana wamkazi wa kubanki amatsika m'galimoto n'kuphimba suti yake, kenako n'kukhala pansi ndi anzake, ndipo kumanda a ku Leopards Hill simungasiyanitse wolemera ndi wogulitsa makala. Andale anazindikira kalekale mphamvuyi: nkhope ya Kenneth Kaunda inayenda m'chiuno mwa amayi a UNIP, ndipo zipani zobwera pambuyo sizinasiye kusindikiza zawo.

Wina anganene kuti nsaluyi si yathu. Zoona, luso lake linachokera ku Java, Adatchi n'kulilowetsa m'mafakitale, ndipo zambiri za lero ndi za ku China. Nanga chimanga sichinachokere ku America? Ndani angatilande nsima?

Chondidabwitsa n'chakuti alembi a kwa azungu akafuna kugwetsa misozi amabwerera kwathu. Mu nkhani yake ya 1980, Cynthia Ozick analemba za mayi wobisa khanda m'shawelo m'ndende ya Nazi. Pamenepo shawelo inaleka kunyada n'kugwira ntchito ya mbereko, yomwe mayi aliyense wa ku Kabwata amaigwira mmawa uliwonse popanda womulemba m'buku.

Mayi wa ku Ulaya uja ndikadzakumana nayenso sindidzakangana naye. Ndidzangomupatsa mwana wolira, tione ngati ubweya wa ku Kashmir ungamange mfundo pachifuwa.