Aphunzitsi a pa yunivesite amene amadzukira m'malokeshoni a Harare

Kombi za m'mamawa zochoka ku Glen View, Budiriro ndi Mufakose sizinyamula okapikula masamba ku Mbare Musika okha. Mumakhalanso munthu wa jekete, laputopu ili pamiyendo, chikwama cha mapepala a mayeso chili kunsi kwa mpando. Akatsika m'tauni amakwera ina ya ku Mount Pleasant, komwe kuli University of Zimbabwe. Kale mphunzitsi wa pa yunivesite ankakhala kumayadi, pafupi ndi ntchito. Lero si zachilendo kumupeza akuchita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu.

Sukuluyi ife Amalawi imatikhudza. Inayamba m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya, ndi dzina lakuti University College of Rhodesia and Nyasaland. Koma anthu ambiri a ku Nyasaland amene anali ku Salisbury (Harare ya lero) masiku amenewo ankaphika ndi kusamala maluwa m'nyumba za azungu, ena n'kumakhala ku Mabvuku. Mdzukulu wa anthu otere akafika poima kutsogolo kwa kalasi pa yunivesite, banja lonse limadziwa thukuta limene linakhetsedwa.

Ntchito yake si kuyankhula m'kalasi kokha. Pali kuchonga mayeso a ophunzira mazanamazana, kuyang'anira kafukufuku wa omaliza, komanso kulemba nkhani zaukatswiri, poti popanda izo sukwezedwa. Ndondomeko ya boma la Zimbabwe ya Education 5.0 inawonjezerapo kutulukira zinthu zatsopano ndi kuyambitsa mafakitale. Maganizowo ndi abwino, koma kulokeshoni magetsi akhoza kuzima m'bandakucha n'kubwera anthu atagona. Ndiye mphunzitsi amadzuka pakati pa usiku, kutchaja laputopu ndi foni, n'kuyamba kuwerenga chaputala cha wophunzira ana ali mtulo kuseri kwa katani.

Nkhani yaikulu ndi malipiro. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe itasanduka mapepala chabe, akatswiri ambiri anapita ku South Africa, Botswana ndi Namibia, ndipo ochepa ndiwo anabwerera. Mu Epulo 2025 aphunzitsi a pa University of Zimbabwe, kudzera m'bungwe lawo la Association of University Teachers, anayamba sitiraka imene inatha miyezi. Ankafuna madola a ku America 2,250 pamwezi kwa mphunzitsi wongoyamba, monga zinalili chaka cha 2018 chisanafike kumapeto. Iwo ankati akulandira madola osakwana 300, komanso kagawo ka ndalama ya dzikolo yotchedwa ZiG. Lendi, kombi ziwiri kupita ziwiri kubwera, fizi ya ana ako omwe: zitheka bwanji?

N'chifukwa chake pafupifupi aliyense ali ndi kaganyu. Wina amaphunzitsa Loweruka ku Zimbabwe Open University, wina amalembera malipoti mabungwe othandiza anthu, wina amaweta nkhuku zoyera kuseri kwa nyumba. Sindiwadzudzula. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi yogulitsa nkhukuyo imachotsedwa pa wophunzira, amene mayi ake amadzuka usiku kukagulitsa kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo kuti fizi ikwane.

M'mbali mwa ntchitoyi mwamera ntchito zina. Pa mashopu a m'malokeshoni pali timaofesi totayipa, kusindikiza ndi kumanga mabuku a kafukufuku, ndipo nyengo yopereka ntchito ikafika mzere umatulukira panja. Pali makoleji a m'nyumba za anthu, momwe omaliza digiri amaphunzitsa obwereza O-Level. Mu 2016 ena mwa omaliza digiri anavala mikanjo yawo n'kukagulitsa malonda m'misewu ya Harare, kusonyeza kuti ntchito kulibe. Palinso ena, ndipo apa mpoyipa, amene amalembera ophunzira kafukufuku yense powalipiritsa. Mphunzitsi wokhala ndi nthawi akhoza kugwira chinyengo chotere pongofunsa wophunzira mafunso awiri atatu pa zimene akuti walemba. Wotopa ndi maganyu amangosaina, ndipo digiri ija imatuluka.