Za Mtengo wa Zosema

Ana inu, ena mwa inu munafikako ku Lilongwe, mudzi waukulu uja umene unakhala likulu la dziko lathu m'chaka cha 1975. Ku Old Town, pafupi ndi positi ofesi, kuli amuna ogulitsa zosema: njovu, mvuu, mipando ya mafumu ndi matabwa a bawo. Ogula ambiri ndiwo alendo ochokera kunja, ndi anthu a m'maofesi a ku City Centre amene nyumba zawo zili ku Area 10 kapena Area 43.

Taonani thabwa la bawo. Lili ndi maenje 32, mizere 4 ya maenje 8. Dzenje lililonse mmisiri amalikumba ndi tchizulo, nalisalaza kuti zala zisalaswe potola nkhomo. Mlombwa kapena mbawa woti n'kusema sapezeka pakati pa mudziwo. Amachokera kutali, ndipo wonyamula afuna malipiro ake.

Tsono tengani masileti, tichite samu yongoyerekeza. Mmisiri wagula thabwa K10,000, walipira galimoto K3,000, wagulanso polishi ndi pepala losalazira K2,000. Zonse pamodzi ndi K15,000. Wasema masiku 4. Pofika wogula, atembenuzatembenuza thabwalo, nanena kuti sapitirira K18,000. Kodi mmisiri watsala ndi zingati? K3,000 yokha, ndiyo K750 pa tsiku. Komatu amavomera, pakuti dzuwa lapendeka ndipo kunyumba kulibe ufa.

Wogulayo si wakuba ayi. Iye aona mtengo wouma m'manja mwake, koma masiku 4 aja sawaona, ngakhale zaka zimene mmisiri anakhala pambali pa malume ake kuphunzira kugwira kasemasema. Ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni m'chaka cha 1976, osema amaphunzira nthawi yaitali dzanja lisanakhwime. Chondidabwitsa ine n'chakuti munthu yemweyo akalowa m'sitolo kukagula shuga, amapereka mtengo wolembedwa osanenerera ndi pang'ono pomwe.

Ogulitsa nawonso ali ndi chifukwa chawo. Ena akaona mlendo amayamba ndi mtengo wokwera katatu, ndipo mlendoyo akazindikira, sakhulupiriranso mtengo uliwonse, ngakhale woona. Ena sawerengera konse zimene anawononga. M'mwezi wa November 2023 kwacha inachepa mphamvu kwambiri, polishi ndi ulendo zinakwera. Amene anagulitsabe pa mtengo wakale anasema kwachabe. Kuwerengera koyenera n'kotere: zogula zonse, kuwonjezapo malipiro a tsiku lililonse la ntchito, ndi kena kogulira tchizulo ikatha.

Mukaweruka lero, pitani kwa munthu woluka malichero kapena mphasa m'mudzi mwanu. Mukamufunse mwaulemu kumene amadula nsungwi kapena bango, masiku amene amaluka chimodzi, ndi ndalama zimene amalandira. Mulembe mayankho ake, mawa tidzachite samuyo pamodzi.