Mizere ya pa pulani imalankhula

Kuno ku Neno nyanja ili kutali, ndiye chambo timaweta m'madamu. Inu a kunyanja mumamanga mashedi oumitsira usipa. Tonsefe mmisiri amatipatsa pulani, ife n'kungoyang'ana mtengo basi. Komatu mzere uliwonse papepalapo uli ndi nkhani yake.

Mzere wonenepa wosadukiza ndi chinthu chimene maso adzachione ntchito ikatha: khoma, chitseko, m'mphepete mwa damu.

Mzere wodukizadukiza ndi chinthu chobisika, monga paipi yotulutsira madzi yokwiriridwa m'khoma la damu. Uwu tiusamale kwambiri. Mmisiri akaiwala paipi ija, madzi satuluka pa nthawi yokolola nsomba, ndipo kuti ilowe mpaka tigumule khoma.

Mzere wopyapyala wa mivi mbali zonse ziwiri ndi muyeso. Kawirikawiri nambala yake imakhala ya mamilimita. Pakalembedwa 3000, amenewo ndi mamita 3. Tizitsata nambalayo, osati kuyeza pepala ndi lula.

Pali winanso wosinthanasinthana, kachidutswa katali kenako kakafupi. Ameneyu amasonyeza pakatikati, pomwe tikhome zikhomo ndi kukoka chingwe tisanakumbe maziko.

Ana athu amene akuphunzira umisiri pansi pa TEVETA amazidziwa bwino zimenezi, tiwafunse. Tisanapereke ndalama, tikhale pansi ndi mmisiri, chala pamzere uliwonse, atiuze tanthauzo lake. Simenti ikauma simvanso madandaulo. Allah adalitse ntchito za manja athu.